Ambuye Amene Anabwera Kudzatenga a Makwinja

Ana anga, mayi anu akuti nkhani za ku Nairobi ndimazisintha malinga ndi amene wakhala pakhonde tsiku limenelo, ndiye ndaganiza zolemba kamodzi kuti zikhale zomwezo ngakhale ine nditapita. Popeza msana unandichotsa pa chiwongolero ndipo ndangokhala kuno ku Mponela, nthawi ndili nayo. Mutu uno ndi wa a Makwinja, bwana amene ndinawayendetsa zaka zambiri kuposa wina aliyense.

2005

Sukulu ndinalekera Fomu 1. Aphunzitsi ena anaseka nsapato zanga pamaso pa atsikana, ine ndinawagenda ndi dasitala, sukulu n'kuthera pomwepo. Ndinalowa ukondakitala wa minibasi, kenako ndinapeza laisensi, kenako udalaivala pa kampani ina yobwereketsa magalimoto ku Lilongwe. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Makwinja, injiniya wa za madzi, munthu wa ku Chiradzulu, wamfupi, wa maso ofooka moti madokotala anawaletsa kuyendetsa. Bungwe lawo litawatumiza ku Kenya anandifunsa ngati ndingapite nawo. Anati anamva kuti ndili ndi mtima wapachala, koma anaonanso kuti ndikapsa mtima ndimachepetsa liwiro m'malo moonjezera, ndipo dalaivala wotere ndi wosowa. Ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti Nairobi ili mbali iti.

Iwo anapeza nyumba ku Lang'ata, ine kachipinda ku Kangemi, kumene mayi anu anadzandipeza chaka chotsatira. M'mawa uliwonse ndinkasintha matatu, minibasi za kumeneko, kuti ndikafike pamene pankagona galimoto. Chaka choyambacho chinandiwawa. Chiswahili changa chinali chofunsira mitengo basi, ndipo madzi ku Lang'ata ankabwera tsiku limene afuna okha, ndiye ine, dalaivala wa injiniya wa madzi, ndinkathamangira azibambo okoka ngolo kuti atigulitse zigubu. A Makwinja ankangoseka. Ankasekanso atamva kuti kumeneko Mulungu amamutchula Bwana. Ankati ndikamati bwana ndizinena kuti uti, kuopa kuti tsiku lina angayankhe winayo.

Ndinkayesa nthabwala chabe. Loweruka lina ndinawafunsa kuti mawa ndikawatule ku tchalitchi chiti. Anayankha kuti sapemphera, ndipo sakhulupirira kuti Mulungu aliko. Ananena mmene munthu amanenera kuti sadya therere. Kwathu ndinkadziwa zidakwa, ndinkadziwa odulidwa mumpingo, koma onsewo ankavomera kuti kumwamba kuli mwini. Uyu anali woyamba. Sabata imeneyo kukachita mitambo ndinkagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, ndikuganiza kuti mphenzi ikamadzafuna iwo, ine ndakhala pampando woyandikana nawo.

2006 mpaka 2012

Aliyense amene anakhalako ku Nairobi akudziwa jamu. Magalimoto amaima, ogulitsa nyuzi amakupitirira, kenako amakupitiriranso akubwerera. M'jamu ndimo munali bwalo lathu. Ndinayamba ndine, chifukwa ndinkaona kuti ndi udindo wanga kuwachenjeza za Gehena. Iwo sankakwiya. Ankavula magalasi, n'kuyamba kufunsa mafunso ngati akuyeza chitsime.

Funso limene linandivuta kwambiri linali la ndiwo. Anati kwathu timamva za mayi amene waotcha manja a mwana wake chifukwa mwanayo waba ndiwo mumphika. Mudzi wonse umadzuka, apolisi amabwera, ndipo palibe amene amati mayiyo ndi wolungama. Nanga bwanji amene amaotcha ana ake kosatha, osati manja okha, timamuimbira nyimbo? Ine ndinati Mulungu si mayi wa m'mudzi, nzeru zake si zathu. Iwo anati ngati ubwino wake sufanana ndi ubwino umene ife timaudziwa, tisiye kuutcha ubwino, tiupezere dzina lina. Tsiku lina anatenga nkhani ya chigumula, n'kufunsa za makanda amene anamira ali kumbuyo kwa amayi awo, kuti analakwa chiyani. Malembo ankawadziwa kuposa ine, chifukwa anaphunzira sukulu ya mishoni, ndipo zimenezo zinkandiwonjezera ukali.

Nanenso ndinali ndi changa. Agogo anu aamuna anagundidwa ndi galimoto akuchokera kumsika pa njinga, dalaivala n'kuthawa, osapezeka mpaka lero. Ndinawauza a Makwinja kuti ngati kulibe Gehena, ndiye kuti munthu ameneyo adzakalamba, adzafa mwamtendere pa matiresi, nkhani n'kutha. Dziko lotero ine sindingakhalemo. Anavomera kuti funso limenelo ndi lolemera, ndipo iwo alibe yankho lotonthoza. Koma anafunsa kuti ndikufuna apse zaka zingati, ndipo akapsa zaka zonsezo bambo anga adzadzuka kodi.

Mu 2009 zinafika poipa. Tinkachokera ku galaja ku Industrial Area, dzuwa likuswa mtengo, malole atatitsekereza mbali zonse. Mkangano unali womwewo, ndipo iwo anapitirira malire.

"Dalaivala uja ndi wabwinoko kuposa Mulungu wakoyo," anatero. "Iye uja anathawa ndi mantha. Uyu amaotcha atakhala pansi, mtima uli m'malo."

Ndinakoka handibuleki, ndinatuluka, ndinamenyetsa chitseko, n'kuwasiya pakati pa msewu, munthu wosatha kuyendetsa. Kumbuyo mahutala anayamba kulira, makondakitala akutukwana m'zinenero zitatu. Ndinayenda mpaka pamene mayi wina ankaotcha chimanga. Ndinaima pamenepo ndikupumira m'mwamba, maso ali pa makala. Ndinayandikiza chala pang'ono, ndipo sindinathe kupirira ngakhale kwa kamphindi. Pamenepo ukali unatha, kunabwera mantha. Ndinaganiza kuti munthu amene ndamusiya m'galimoto uja, amene amandigawira chapati chake masana, akupita m'moto wotere thupi lonse, popanda tsiku lotulukamo. Ndinabwerera ndikuthamanga. Ndinawapeza akupepesa wapolisi m'Chiswahili chawo chothyokathyoka. Titanyamuka anati, "Za bambo ako ndalakwitsa, pepa, mphwanga. Zinazo sindibweza." Ndinayendetsa pang'onopang'ono mpaka ku Lang'ata.

Mu 2011, pobadwa iwe Tadala, mayi ako anataya magazi ambiri. Chipatala chinati tipeze anthu opereka magazi. Ndinaimbira abale a mumpingo, ambiri anali kuntchito, ena magazi awo sanagwirizane. A Makwinja anatuluka pakati pa msonkhano, anakwera takisi, n'kudzagona pa bedi paja atapinda mkono wa shati. Kuyambira pamenepo ndikamaona mayi anu akuimba kwaya, ndinkakumbuka kuti m'mitsempha mwawo mukuyenda magazi a munthu amene alaliki ankati ndi nkhuni za ku Gehena. Sindinkadziwa kuti ganizo limenelo ndiliike pati.

2013

Amalawi a ku Nairobi tinali ndi chiyanjano chathu, kamodzi pa mwezi, nyumba mosinthana, Akatolika ndi a mipingo ina pamodzi. Wotsogolera anali a Zimba, mkulu wampingo, munthu wofatsa, wolankhula ngati akuwerenga. A Makwinja ankabwera mapemphero atatha, chifukwa cha usipa umene wina wabwera nawo kuchokera kumudzi ndi miseche ya ndale. Tsiku lina a Zimba anawayamba dala, anthu onse akumva. Anati Mulungu saponya munthu m'moto. Amaitana aliyense ku ukwati, ndipo wokana asamadandaule akagona ndi njala.

"Kugona ndi njala ndavomera, akulu," anatero a Makwinja. "Koma mwini ukwati akatuma anthu kudzandiotchera nyumba chifukwa sindinabwere, ameneyo kwanu ku Mzimba mumamutcha ndani?"

Anthu ena anaseka, kenako n'kudzigwira pakamwa. A Zimba sanagwedezeke. Anati kukula kwa mlandu kumayenderana ndi amene wamulakwira, kutukwana mnzako pa bawo sikufanana ndi kutukwana woweruza m'khoti, ndiye kulakwira Wosatha kuli ndi chilango chosatha. A Makwinja anati iwo amadziwa zosiyana, kuti munthu wamkulu weniweni ndi amene mwana akamutukwana sizimufika pamtima. A Zimba anafunsa kuti ngati kulibe woweruza, chimawaletsa n'chiyani kuba ndalama za mijigo. Iwo anati chimawaletsa ndi nkhope za amayi amene adzayende mtunda ndi ndowa, ndipo amene saba chifukwa choopa moto yekha ndi mbava imene ikudikira kuti moto uzime. Kenako mayi wina wa Chikatolika anati pajatu pali malo oyeretsera mizimu, si onse amapita kumoto mwachindunji. Apo a mipingo ina anamulumphira, mkangano n'kusanduka wa Akhristu okhaokha. A Makwinja anakoka mbale ya usipa n'kumadya mwakachetechete.

Pobalalika a Zimba anandikokera pambali pa galimoto. Anati ine ndi amene ndimakhala ndi munthuyu tsiku lililonse, ndipo mlonda akaona ngozi n'kukhala chete, magazi a wakufayo amafunsidwa kwa mlondayo. Sananene moopseza. Koma mawu amenewo anandikhala pachifuwa zaka zisanu. A Makwinja akangotsokomola ndinkayang'ana pagalasi. Akakwera ndege kupita ku ntchito za kumidzi, ndinkakhala wosakhazikika mpaka atatera, poopa kuti afa asanatembenuke ndipo mlandu ukhala wanga.

2018

A Makwinja anayamba ndi kuonda, kenako maso anachita chikasu. Madokotala anati ndi khansa ya m'chiwindi, ndipo yapita patali. Mkazi analibe, ukwati wawo unatha kalekale, ndiye kunabwera mlongo wawo, a Esinala, kuchokera ku Chiradzulu kudzawadwazika. A Esinala anali mayi wa chigwirizano cha amayi kumpingo kwawo, ndipo nkhawa yawo inali imodzi. Mukudziwa mwambo wa kwathu: munthu amene sanali mumpingo, maliro ake mpingo suimba. Palibe kwaya, palibe ulaliki, amayi savala yunifolomu. Mayi awo a Makwinja anali moyo, okalamba, ndipo a Esinala ankati mayiwo sangapirire kuika mwana wawo mwa zii, mudzi wonse ukudziwa tanthauzo lake. Anagwirizana ndi a Zimba kuti achimwene awo akangolapa, a Zimba adzaimbira akuluampingo a kumudzi n'kuwachitira umboni.

A Zimba anabwera kuchipatala kangapo, ulendo wina ndi abusa. A Makwinja ankawalandira bwino, kuwafunsa za ana, koma pa nkhani ya kulapa ankangopukusa mutu. Atatuluka ankandiuza, mawu ali apansipansi, kuti a Zimba akufuna chigoli cha m'mphindi yomaliza. Ine sindinkaseka. Tsiku lina ndinagwada pambali pa bedi n'kuwapempha kuti angonena, ngakhale mawu awiri okha, sataya kanthu. Anandigwira pamutu n'kunena kuti ngati Mulungu wangayo aliko, adziwa kuti akunama, ndipo ngati angakondwere ndi bodza, ndiye kuti iwo ankanena zoona zaka zonsezi.

Anamwalira masana, dzuwa likulowa pawindo. A Esinala anali atatsika kukagula tiyi, m'chipindamo munali ine ndekha. A Makwinja anali atakhala masiku osalankhula. Mwadzidzidzi anatsegula maso, anayang'ana kupitirira phewa langa, cha kukhomo, n'kunena momveka bwino:

"Ambuye, mwabwera?"

Anapuma kangapo, basi. Ndinatuluka, ndinakumana ndi a Esinala pa masitepe n'kuwauza zonse ziwiri, imfa ndi mawuwo. Anagwada pomwepo, tiyi akutayika, akulira ndi kuyamika nthawi imodzi. Dzuwa lisanalowe Amalawi onse a mu Nairobi anali atamva kuti a Makwinja aitana Ambuye. Nanenso ndinamva ngati anditula thumba la simenti.

Tanthauzo lina la mawuwo linandifikira m'mawa mwake, ndikuyendetsa galimoto kupita ku Lang'ata, zovala zawo za kuchipatala zili pampando. Ife a ku Dowa tikamati ambuye timanena agogo, kapena Mwini kumwamba, ndiye khutu langa linathamangira kumwamba. Koma kwawo kwa a Makwinja, ambuye ndi atsibweni, mlongo wa amayi ako. Ndipo iwo anali ndi atsibweni awo, kalipentala, amene anawalera ndi kuwaphunzitsa, anamwalira kalekale asanaponde m'tchalitchi. Powatchula sankati malume kapena ankolo. Ankati ambuye anga. Ndinaimika galimoto pambali pa msewu. Thumba lija linabwerera, lolemera kuposa kale.

Masana a tsiku limenelo anthu anadzaza nyumba ya ku Lang'ata kudzakonza za ulendo wa maliro. A Zimba anaimirira n'kunena kuti bondo limene linakana kugwada zaka zonse lagwada pomaliza, ndipo madzulo omwewo aimbira kumudzi. Bambo wina anati nkhani imeneyi ikhala umboni wogwetsa onse onyoza. Kenako a Zimba anandipempha kuti ndiimirire ndibwereze mawuwo, popeza ndinawamva ndine ndekha.

Ndinaimirira. Ndikanangonena mawu awiri aja n'kukhala pansi, bodza panalibe. Kwaya ikanaimba, mayi okalamba aja akanatonthozedwa, nanenso ndikanamasuka kwa a Zimba. Koma ndinkaona munthu uja amene anakana kunama ngakhale ali pa bedi la imfa, tsopano akumunyamula ngati chikho cha mpira. Ndinanena mawuwo. Kenako ndinaonjeza za atsibweni aja, ndi mmene ankawatchulira.

Woyamba kulankhula anali a Esinala. "Inu adalaivala, wakufunsani ndani zimenezo? Mukufuna amayi aike mwana wawo ngati galu?"

A Zimba anawafunsa mofatsa ngati zinali zoona kuti malemu ankatchula atsibweni awo choncho. A Esinala sanakane, anangobisa nkhope mu chitenje. Kenako a Zimba anatembenukira kwa ine.

"Lufeyo, iwe unali pomwepo. Ankaitana ndani?"

"Sindikudziwa, akulu."

"Mtima wako ukuti chiyani?"

"Mtima wanga ukufuna akhale Ambuye Yesu. Koma chimene ndikufuna si chimene ndinamva."

A Zimba anakhala pansi, maso atafiira. Anati iwonso sangachitire umboni chinthu chimene sakuchidziwa, adzauza a kumudzi mmene zilili, ndipo a kumudziwo adzagamula okha. Tonse tinkadziwa mmene adzagamulire. Bambo uja wa umboni ananong'oneza mnzake kuti ndiye basi, wapsa ameneyo. Ndinamva. Ndinamugwira kolala n'kumukankhira kukhoma, ndipo anachita kundichotsapo anthu atatu. Ndinamufunsa ngati anapitako kumotoko n'kukawerenga mayina. Mayi anu ananditulutsa panja, n'kundikhazika pa chigubu cha madzi mpaka mtima utatsika.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. A Makwinja sanandisinthe, ndimapempherabe, ndipo mukudziwa kuti Lamulungu sindijomba. Inenso sindinawasinthe. Koma mlaliki akayamba za moto, ndimatuluka thukuta, ndimaona mkono wa shati wopindidwa uja, ndipo Amen amandikanika pakhosi.

Ku Chiradzulu

Bungwe linandilola kuperekeza thupi. M'ndege monse ndi m'galimoto yochokera ku Blantyre a Esinala sanandilankhule. Kumudzi akuluampingo anali atagamula kale kuti mwambo wa mpingo sukhalapo. Anthu anabwera ambiri, chifukwa mijigo ingapo ya m'deralo inali ntchito ya malemu, koma amayi a chigwirizano anavala zitenje wamba n'kukhala kumbuyo. Sindinaonepo maliro a anthu ochuluka chotero opanda nyimbo. Mwana akalira kuseri kwa nyumba, aliyense ankamva.

Bokosi litatsala pang'ono kutuluka, kunabwera uthenga woti mayi a malemu akufuna dalaivala. Ndinadziwa kuti ndikukayankha mlandu wolanda mwana wawo nyimbo. Ndinalowa chogwada. Anali mayi wamng'ono thupi, wouma ngati chikuni, amene moyo wawo wonse anagulitsa tomato pamsika, ndipo khutu limodzi silinkamva. Anandiuza kuti ndisunthire mbali ya khutu labwino. Adzukulu, anthu onyamula maliro, anali ataima pakhomo kudikira.

"Mawuwo ndamva kale," anatero. "Andiuza kawiri, wina mwakuti, wina mwakuti. Ine ndikufunsa nkhope. Ankaopa?"

"Ayi, mayi. Sankaopa."

"Lankhulani mokweza. Ankaoneka bwanji?"

Ndinafunafuna mawu. Ndinati ankaoneka ngati mwana wa sukulu yogonera komweko, tsiku lotsekera, anzake onse atapita, ndiye waona womutenga akulowa pachipata.

Mayiwo anaika dzanja pa bokosi. A Esinala anali pambali pawo, akundiyang'ana koyamba chichokere ku Nairobi. Ndinadikira kuti andifunse kuti wolowa pachipatayo anali ndani, koma sanafunse.

"Ndiye sanapite yekha," anatero. Anatembenukira kukhomo. "Nyamulani."

Ananyamula, ndipo tinapita kumanda tikumva mapazi athu okha.